Bwenzi likamwalira m'kabuku ka ana, mudzi ukhale pati?

Nabanda, Ulongué
Moni nonse. Ndabwera ndi funso kwa inu amene mukulemba timabuku ta ana a kalasi 3 mpaka kalasi 6. Nkhani yake ndi ija ya ana awiri a ponda apa nane m'pondepo, kenaka mmodzi n'kumwalira. Zolemba zambiri zimene zaponyedwa m'gulu muno zikuthera pamodzimodzi: mwana wotsala uja wakhala yekha patsinde pa mtengo, walira, wayang'ana nyenyezi, mtima wakhala pansi, buku latha. Koma kwathu kuno maliro akagwa ndani amakhala yekha? Pakhomo pamadzaza anthu, moto suzima usiku wonse, ufa umachokera khomo ndi khomo. Ndiye ndikufunsa ziwiri. Mudzi tiulowetse bwanji m'nkhani popanda kum'miza mwanayo m'chikhamu cha akuluakulu? Nanga imfayo tiitchule ndi mawu ati kwa mwana wa zaka 8?

A Phiri, Domué
Mayi Nabanda, musanafike pa maliro yambani mwaona ngati ubwenziwo ulimo. Apa ndi pamene nkhani zambiri zikugwera. Wolemba amanena pa tsamba loyamba kuti "Tadala ndi Zito ankakondana kwambiri," tsamba lachitatu Zito wamwalira. Mwana wowerenga sangalire munthu amene sanasewere naye.

Tiyeni tiwerenge masamba. Kabuku ka masamba 24 kamachokera pa mapepala 6 a A4 opinda pakati. Tsamba loyamba ndi la mutu, awiri otsiriza ndi a mafunso ndi mawu kwa makolo, ndiye nkhani yatsala ndi masamba 21. Ine ndingagawe chonchi: 8 a ubwenzi, 3 a matenda ndi imfa, 5 a maliro, 5 a moyo wa pambuyo pake. Tsamba lililonse mawu 40 kapena 60, nkhani yonse pafupifupi mawu 1,000. Mukadula masamba 8 oyambawo kuti mufulumire kufika pomvetsa chisoni, chisonicho sichigwira.

M'masamba 8 amenewo muikemo malo awo, chinthu chawo ndi mkangano umodzi. Malo akhale enieni, monga kuseri kwa nkhokwe kapena pa chulu cha kudambo. Chinthu chikhale chopanga okha ndi manja. Galimoto ya mawaya ndi yabwino chifukwa ili ndi zigawo zoti mwana azione: matayala a zotsekera za polishi, malegeni omangira, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Mmodzi amadziwa kupinda waya, mnzake amadziwa kumene kumatoledwa zotsekera. Aliyense akusowa mnzake, ndipo simufunikanso kulemba mawu oti "ankakondana". Kwa atsikana pali phada, fulaye, kapena masanje a pambuyo pokolola, pomwe amamanga timisasa ta mapesi n'kumaphika zokunkha.

Mkanganowo musausiye. Ana okondana amalandana, amanyanyalitsana, amagwirizananso pa chimanga chootcha chimodzi. Bwenzi lopanda chilema chilichonse wowerenga amalidziwiratu kuti wolemba walikonzera imfa.

Aphunzitsi Jere, Tsangano
Ndiyankhe funso lachiwiri lija. Akuluakulu timati "watisiya", "wapita", "wagona", "watsikira kuli chete", "Mulungu wam'tenga". Ndi mawu aulemu, ndipo m'nkhani ayenera kumveka chifukwa pamaliro amamvekadi. Vuto ndi lakuti mwana wamng'ono amawatenga monga momwe amvekera. Wapita, ndiye abwera. Wagona, ndiye adzuka, kapenanso nane ndikagona sindidzuka. Mulungu wam'tenga chifukwa anali mwana wabwino, ndiye kukhala wabwino n'koopsa. Ana ambiri osakwana zaka 5 amaona imfa ngati ulendo. Kuyambira cha m'ma zaka 5 mpaka 7 ndi pamene amayamba kugwira kuti wakufa sabwerera, kuti thupi lake silimvanso kanthu, kuti imfa ili ndi chimene chimaibweretsa, komanso kuti imafikira aliyense. Wa kalasi 3 wangozigwira kumene zimenezi, sizinakhazikike.

Ndiye asiyeni amayi a pasiwa anene kuti "watisiya". Koma pakhale munthu mmodzi wamkulu amene mwanayo am'funse, ndipo ayankhe mosazungulira, kamodzi kokha. Mwachitsanzo:

"Agogo, Zito wapita kuti?"
"Zito wamwalira, mdzukulu wanga."
"Abwera liti?"
"Sabweranso. Mtima wake wasiya kugunda. Sakumva njala, sakumva kuzizira, sakumva kupweteka."

Mzere wa kuzizirawo ndi wofunika kwa ife a kumapiri kuno. Mwana amagona usiku wa mwezi wa June akuganiza kuti mnzake ali m'dothi wopanda chofunda. Mawu akhale "wamwalira". "Wafa" ndi olemera m'kamwa mwa wamkulu ponena za mwana wa mnzake, ngakhale kuti mwana yekha akhoza kuwanena atakwiya, ndipo pamenepo amamveka oona. Za kumwamba kapena za mizimu zibwere pambuyo pa yankho lomvekali, malinga ndi chikhulupiriro cha banja la m'nkhaniyo.

Mayi Nangozo, Calómuè
Aphunzitsi mwanena zoona, koma ndikufuna kuchenjeza pa chinthu chimene makolo amakanira buku. Olemba ena akumuimika mwana wa zaka 8 m'mphepete mwa manda akuponya dothi. M'midzi yambiri ana ang'onoang'ono sapita kumanda, ndipo saonetsedwa nkhope. Zinthu zikusintha, m'matauni ndi m'mipingo ina anzake a kusukulu amabwera ndi aphunzitsi awo kudzaika nkhata, koma wolemba asankhe mudzi umodzi ndi mpingo umodzi n'kutsata mwambo wake mpaka kumapeto. Kusakaniza kumaoneka msanga.

Ndipo kuletsedwa kumeneku si chopinga, ndiyo nkhaniyo. Mwana amene anali naye pafupi malemuyo kuposa wina aliyense ndi amene watsala pakhomo pamene mudzi wonse wanyamuka.

Mayi Nabanda, funso lanu la mudzi yankho lake ndi ili: lembani zokhazo zimene mwana angaone ndi kumva ali pa msinkhu wake, ndipo mum'patse ntchito. Ndondomeko yake imayenda chonchi. Kulira kwa amayi kumamveka, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha. Uthenga umapita kwa amfumu, chifukwa maliro salengezedwa amfumu asanadziwe. Anyamata amaika masamba a mitengo pamsewu, ndipo wodutsa pa njinga amatsika n'kuikankha. Amayi amalowa m'siwa, abambo amakhala panja pa moto. Amayi ena amazungulira m'makomo kusonkhetsa ufa, nyemba, mchere, nkhuni. Usiku wonse ndi nyimbo. M'mawa adzukulu amanyamula makasu kupita kukakumba, ndipo chakudya chawo chimatumizidwa komweko. Kenaka mwambo wa mapemphero, mawu a banja, mawu a amfumu, kuwerenga chipepeso, ulendo wa kumanda. Patapita masiku ochepa pamabwera kusesa ndi mmeto, abale n'kubalalika.

Pa zonsezi mwana sakhala chete. Amatumidwa ku mjigo ndi chigubu, amakabwereka mbale kwa anansi, amapatsidwa khanda kuti alibereke, amaingitsa nkhuku pa ufa. Mum'tume Tadala kukatenga nkhuni kuseri kwa nkhokwe kuja ankasewera, akapeze galimoto ija ili pomwe anaisiya dzana. Simufunika kulemba kuti anamva chisoni. Wanyamula nkhuni, waisiya galimoto, wabwereranso kudzaibisa mu udzu. Mudzi walowa kudzera pa ntchito imene wam'patsa, koma maso ndi ake.

Kanthu kena kakang'ono: mawu oti "adzukulu". Mwana amawadziwa kuti ndi iyeyo kwa agogo ake. Akawerenga kuti adzukulu apita kumanda amasokonezeka. Potchula koyamba lembani "adzukulu okumba manda," ndipo chithunzi chionetse amuna akuluakulu ali ndi makasu.

Nabanda, Ulongué
Zikomo amayi. Za nkhuni zija zandigwira mtima. Nanga munthu wamkulu woyankha uja akhale agogo nthawi zonse? Zolemba pafupifupi zonse zili ndi agogo aakazi.

A Banda, Furancungo
Agogo amabwera msanga m'mutu chifukwa mwana amamasuka nawo kuposa makolo ake, amaseka nawo, amagona nawo. Koma si okhawo. Kumene kuli chikamwini, malume, mwini mbumba, ndi amene amayendetsa zambiri pa maliro, ndipo mawu awiri ochokera kwa iwo amalemera. Kumene mayi anatengedwa chitengwa, anthu ozungulira mwanayo ndi a kuchimuna, ndiye azakhali akhoza kutenga malowo. Wina amene olemba amamuiwala ndi mayi wa malemuyo. Patapita sabata zingapo, mayiyu akamuona Tadala akulambalala khomo lawo chifukwa cha mantha, n'kumuitana kuti adzadye mbatata monga kale, tsamba limenelo limanena "mwana wa mnzako ngwako yemwe" popanda kulemba mwambiwo. Ndipo musaulembe. Mwambi ukaikidwa pakamwa pa wolemba, buku limasanduka ulaliki.

Ndiwonjezere za Gule Wamkulu, chifukwa ena akuulowetsa kuti buku lioneke lachikhalidwe. Gule amatuluka pa maliro a mfumu kapena a munthu wolowa, komanso pa mpalo ndi pa ziliza. Pa maliro a kamwana kosalowa, m'banja lopemphera, kumuikapo n'kulakwitsa, ndipo anthu a kuno ku Macanga ndi ku Chifunde adzaona pa tsamba lomwelo. Ngati womwalirayo ndi agogo a bwenzi, gule akhoza kubwera, koma mulembe monga mwana wosalowa amaonera: chilombo chatuluka ku dambwe, ng'oma zalira, amayi akuimba, ana athawira kumbuyo kwa amayi awo. Osafotokoza za m'kati. UNESCO inauzindikira gule ameneyu mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma zimenezo sizinapereke chilolezo choulula zinsinsi zake m'buku la kalasi 4.

Mayi Nasibeko, Moatize
Ine ndikambe za chimene chapha mwanayo, chifukwa olemba ambiri amangoti "anadwala" basi. Mwana wowerenga akapanda kuuzidwa chifukwa amadzipezera chake, ndipo chimene amapeza kawirikawiri ndi iye mwini. A Phiri anati pakhale mkangano. Ngati Tadala ananena atakwiya kuti "sindidzaseweranso nawe," Zito n'kudwala mawa lake, mwana wa msinkhu umenewu amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mawu akewo ndiwo apha mnzake. Amabisa zimenezi osauza munthu. Buku labwino limaliulula bodza limeneli: Tadala anene yekha, mochedwa, ndi mawu otsika, wamkulu uja ayankhe kuti "Si iwe. Ndi malungo. Mawu sabweretsa malungo, amabweretsa ndi udzudzu."

Mukasankha malungo, lembani molondola. Amayamba ndi kutentha thupi, mutu, kuzizidwa, kusanza. Akakula mwana amafooka osatha kukhala tsonga, amakana kumwa, amakomoka, ndipo pamenepo akhoza kumwalira m'tsiku limodzi kapena awiri. Kuyeza ndi kadontho ka magazi a pachala, zotsatira zimatuluka pa mphindi 15 kapena 20, ndipo wogwira ntchito ya zaumoyo wa m'mudzi amatha kuyeza. Mankhwala a malungo otchedwa Coartem amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi konse pamodzi. Koma zonsezi ndi za inu wolemba kuti musalakwitse. M'nkhani mulowe mizere iwiri yokha: Zito sanabwere kusukulu Lachiwiri, Lachitatu madzulo Tadala anaona bambo ake a Zito akum'kweza pa njinga atam'kulunga m'chitenje. Mukayamba kuphunzitsa za neti ndi mankhwala m'kati mwa nkhani, mwalemba chikwangwani cha kuchipatala, ndiponso mwaloza chala makolo a malemuyo kuti anachedwa. M'kalasi momwe mukuwerengedwa bukulo muli ana amene abale awo anamwalira chimodzimodzi.

Za ufiti ndikupempha ndithu: musalole nkhani kutha ndi gogo wina akuganiziridwa. Tikudziwa zimene zimachitikira nkhalamba zolozedwa chala.

A Banda, Furancungo
Mayi Nasibeko, pa ufiti ndikugwirizana nanu theka. Manong'onong'owo pamaliro amakhalapo, ndipo mwana wotumidwa kukatunga madzi ndi amene amawamva bwino, chifukwa akuluakulu samuwerengera. Kwa kalasi 5 ndi 6 ndi bwino amveke, kusiyana n'kunamizira kuti kulibe. Chofunika n'chakuti ayankhidwe m'buku momwemo, ndi munthu amene mawu ake amamveka, monga amfumu polankhula pamaliro kapena mayi wa malemu. Ndipo gogo woganiziridwayo akhale munthu amene wowerenga wam'dziwa kale m'masamba oyamba, mwina amene ankawapatsa anawo waya.

Mayi Nasibeko, Moatize
Kwa kalasi 6 ndavomera, ngati yankholo lili pa tsamba lomwelo kapena lotsatira. Ana ambiri samaliza buku tsiku limodzi, ndipo mphunzitsi amadula pamene belu lalira. Kwa kalasi 3 ayi.

Achimwene Mbewe, Zóbuè
Ndikufuna kutambasula nkhaniyi pang'ono. Kutaya bwenzi si imfa yokha, ndipo chigawo chathu chino cha Tete chili ndi mitundu ina imene sinalembedwe mokwanira. Nthawi ya nkhondo anthu pafupifupi 1 miliyoni a dziko lino la Mozambique anathawira ku Malawi, ambiri a Angónia ndi Tsangano anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, mabanja anayamba kubwerera, ndipo ana amene anakulira limodzi, wina wa kuno wina wa uko, analekana pa malire. Agogo ndi makolo a owerenga athu ndi ana amenewo. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa ku Moatize kuti kukumbidwe malasha, ambiri mwa iwo anapita ku Cateme. Mu March 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kulowa m'makomo ku Tete, ndipo mu January 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa mtsinje womwewo. Palinso mtsikana amene wasiya sukulu n'kukwatiwa, ngakhale lamulo la 2019 limaletsa ukwati wa osakwana zaka 18, ndi mnyamata amene watengedwa kukagwira ntchito m'minda ya fodya.

Kalembedwe kake n'kosiyana ndi ka imfa, ndipo wolemba adziwe kusiyanako. Imfa ili ndi siwa, ili ndi nyimbo, ili ndi chipepeso. Mudzi umadziwa chochita. Koma bwenzi likasamuka palibe amene amaika masamba pamsewu. Akuluakulu ali kalikiliki kumanga katundu pa lole, ndipo mwana akalira amauzidwa kuti apeza anzake ena. Ndiye m'nkhani yotere anawo ayenera kudzipangira okha mwambo wotsanzikana: kugawana matayala a galimoto ija awiri awiri, kudzala phesi la chinangwa pa chulu chawo, kulemba mayina pa mwala. Mudzi umalowa mochedwa, pamene wamkulu mmodzi wazindikira kuti mwanayu akulira maliro opanda mtembo.

Cholakwika chofala apa ndi kuwakumanitsa mozizwitsa pa tsamba lomaliza, mwina pa msika wa Calómuè patapita zaka khumi. Wowerenga amene mnzake anapita osabweranso amadziwa kuti mwam'namiza. Uthenga wochepa wodzera kwa kondakitala wa chapa (minibasi), kapena mawu pa foni ya malume, ndi wokwanira ndipo ndi woona.

Aphunzitsi Jere, Tsangano
Tibwerere ku masamba 5 omaliza a a Phiri, chifukwa ndi ovuta kuposa onse. Zolakwika ndikuziona ziwiri. China ndi bwenzi latsopano lofika ngati cholowa m'malo: mwana wachilendo walembetsa sukulu, Tadala waseka, basi. Ana amakwiya nazo. Mnzake watsopano akhoza kubwera, koma abwere ndi zake, asadziwe kupinda waya, ndipo tsiku loyamba Tadala am'kanize kugwira galimoto ija. China ndi kulira kosalekeza masamba onse asanu. Mwana salira motero. Amalira, kenaka amathamangira mpira wachikulunga, kenaka amaima pakati pa bwalo atakumbuka. Ena amakodza pogona, ena amamenya anzawo, ena amangoti zii. Tsiku loyamba kuseka amadziona ngati wam'lakwira mnzake. Limenelo ndi tsamba loyenera kulemba.

Kusukulu kuli chida chimene sitichigwiritsa ntchito: chamada ya m'mawa. Aphunzitsi aitana mayina, afika pa Zito mwa chizolowezi, palibe woyankha "presente", kalasi yonse yangoti chete. Ibwerezeni katatu m'buku, koyamba Zito akuyankha mokuwa mpaka anzake kuseka, kachiwiri chete uja, kachitatu dzina litadumphidwa. Kubwereza katatu ana akudziwa kale kuchokera ku nthano za "Padangokhala" ndi "Tili tonse", ndiye amakuyembekezera.

Nthawi muionetse ndi munda, osati ndi mawu oti "patapita miyezi". Sukulu kuno imatsegulidwa cha kumayambiriro kwa February, pamene malungo ali pachimake ndipo chimanga chili chobiriwira. Mondokwa ndi wa March, kukolola ndi April ndi May, mbewa ndi masanje ndi za chilimwe, ngumbi ndi za mvula yoyamba. Amene mukutengera chitsanzo mabuku a ku Malawi kumbukirani kuti kumeneko chaka cha sukulu chimayamba September, ndiye nyengo zake sizigwirizana ndi zathu. Wojambula naye auzidwe malo: mlambe ndi masau ndi za kotentha, ku Tete ndi Changara. Kuno ku Tsangano ajambule mapiri, minda ya kachewere, mapichesi ndi ana ovala majuzi.

Nabanda, Ulongué
Nanga kalembedwe ka zilembo? Ena akulemba "chimanga" ena "cimanga", ndipo akukangana.

A Phiri, Domué
Funso ndi lakuti bukulo likupita m'manja mwa ndani. Chinyanja chinalowa m'kalasi kuno ku Tete poyesera kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zilankhulo ziwiri anakhazikitsidwa mu 2003. M'mabuku a sukulu amenewo dzina lenilenilo limalembedwa Cinyanja, ndi "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch". Ngati kabuku kanu kakupita ku kalasi zotere, tsatani kalembedwe kamene mwana waphunzira, ndipo mphunzitsi wa kalasi zimenezo akuwerengereni musanasindikize. Ngati kakupita kutchalitchi kapena m'midzi ya m'malire kumene anthu anazolowera Baibulo ndi mabuku a nyimbo ochokera ku Malawi, "ch" ndi amene amawerengeka. Mwana amene waphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi chokha amapunthwa pa zonse ziwiri: "ch" amam'tchula ngati mu "chuva", ndipo "ci" amam'tchula "si". Kwa ameneyu ikani kabokosi ka mizere itatu pa tsamba loyamba kosonyeza katchulidwe. Chosayenera ndi kusakaniza m'buku limodzi.

Mawu a Chipwitikizi amene ana amanenadi, monga chamada, chapa, presente, asiyeni m'kamwa mwa anawo. Ziganizo zikhale zazifupi, koma samalani ndi mneni wautali. "Sanadzamuonenso" ndi liwu limodzi, koma kwa wa kalasi 3 ndi phiri. Liduleni: "Sanamuone. Sadzamuonanso."

Achemwali Nankhoma, Tete
Ndiike za kusindikiza, poti ambiri tidzadalira fotokope. Masamba akhale 16, 20 kapena 24, chifukwa pepala limodzi lopinda limapereka masamba 4. Pa kabuku ka masamba 24, pepala loyamba kunja kwake kumakhala tsamba 24 kumanzere ndi tsamba 1 kumanja, m'kati mwake 2 ndi 23. Lachiwiri 22 ndi 3, kenaka 4 ndi 21. Njira yoonera ngati simunasokoneze: masamba awiri oyandikana pa pepala akaphatikizidwa azipereka 25. Pindani kaye mapepala opanda kanthu, lembani manambala ndi pensulo, muwatambasule, muone. Pulogalamu ya Bloom imachita yokha zimenezi ndipo ndi yaulere. Mabuku 50 amadya mapepala 300, ndiye rimu imodzi ya mapepala 500 ikukwana, kuphatikizapo olakwika. Chikuto chikhale cha pepala lolimba.

Zilembo zikhale za saizi 16 kapena 18 kwa kalasi 3, 14 kwa kalasi 5 ndi 6. Andika ndi mtundu wa zilembo umene unapangidwira ophunzira kuwerenga, "a" wake amafanana ndi amene mwana amalemba pamanja. Inki ya pulinta ya madzi imasungunuka buku likanyowa m'chikwama cha pulasitiki nthawi ya dzinja, pamene ya fotokope siisungunuka. Sitepula wamba safika pakati pa pepala. Ngati mulibe wamtali uja, boolani mabowo atatu pa mpindiro ndi singano yaikulu, ulusi ulowe pa bowo la pakati, utulukire pa la m'mwamba, udumphe mpaka la m'munsi, ubwerere pakati, mumange mfundo. Ulusi suchita dzimbiri ngati mawaya a sitepula.

Kwa ojambula, ichi n'chofunika kwambiri pa nkhani ya chisoni: musadetse nkhope ndi pensulo kapena utoto wotuwa. Fotokope imasandutsa zonsezo chikuda bii, maso ndi pakamwa n'kusowa, ndipo nkhope ndi imene ikunyamula nkhani. Jambulani ndi mizere ya cholembera chakuda, khungu mulisonyeze ndi timizere tochepa m'mbali. Bokosi la maliro lisajambulidwe pafupi. Lionekere patali, pakati pa miyendo ndi zitenje za akuluakulu, monga momwe mwana woima pakhonde angalionere.

Mayi Nangozo, Calómuè
Musanapange makope 50, yesani ndi ana 6 kapena 8. Yambani mwafunsa mphunzitsi kapena mtsogoleri wa limana ngati pali mwana amene waferedwa posachedwa. Ameneyo asaikidwe m'gulu loyesera, ndipo tsiku lowerenga m'kalasi auzidwiretu payekha kuti nkhaniyo ikukamba za maliro, asankhe yekha kukhala kapena kutuluka. Wowerenga mokweza akhale munthu wina, inu mukhale kumbuyo ndi kope lanu n'kumachonga pamene ana ayamba kuyang'ana kunja, pamene aseka, pamene angoti chete. Kenaka mwana mmodzi mmodzi awerenge yekha tsamba limodzi. Akapunthwa pa mawu oposa asanu, tsambalo ndi lolemera.

Mafunso akhale a nkhani, osati a moyo wa mwanayo. "Zito wamwalira ndi chiyani?" Akayankha kuti ndi mawu a Tadala, tsamba la yankho lija silinagwire, likonzeni. "Abweranso?" Wina akati inde, mawu ozungulira achuluka. "Ndani anam'thandiza Tadala?" Akatchula munthu mmodzi yekha, mudzi sunaoneke. Osafunsa kuti ndani wa inu anaferedwapo. Mwana akayamba yekha kunena za mbale wake, m'mvereni, musam'dule, ndipo mukatha mudziwitse womulera.

Pa tsamba la makolo ikani mizere yochepa ya zimene angayankhe mwana akafunsa, ndi nambala 116 ya Linha Fala Criança, foni yothandiza ana, imene ndi yaulere.

Nabanda, Ulongué
Funso lotsala ndi la galimoto ija. Ithere kuti? Ena akuti iikidwe pamanda, ena akuti Tadala aisunge.

A Banda, Furancungo
Pamanda mwana sapita yekha, ndiye akaiika bwanji? Pokhapokha ngati ndi tsiku la chiliza, atatengedwa ndi akuluakulu, ndipo limenelo limabwera patapita chaka kapena kuposerapo, anthu atakolola n'kupeza ndalama ya simenti. Masamba 5 sangakwane ulendo umenewo.

Aphunzitsi Jere, Tsangano
Ndipo kuisunga m'nyumba osaigwira kumam'siya mwanayo pamene tinam'peza. Onani ngati Zito ali ndi mng'ono wake. Ngati alipo, aonekere kale m'masamba oyamba akuwalondola, iwo akum'thamangitsa kuti ndi wamng'ono. Galimoto inatsala ndi matayala atatu. Tadala sadziwa kupinda waya, ankadziwa ndi Zito. Ndiye pa tsamba 21 akuyesa yekha, waya wam'baya chala, tayala lapotoka. Pa tsamba 22 kamng'ono kaja kabwera ndi chotsekera m'manja, kakhala pansi osalankhula. Tayala lachinayi likhale lokhota ndithu, galimoto iziyenda motsimphina.

Mayi Nangozo, Calómuè
Ikhale choncho, koma wojambula aike mayi wa Zito pa chithunzi chomalizacho, chapatali, akupeta pakhonde, mutu uli wometa tsitsi litayamba kumera. Mayi Nabanda, mukakonza tumizani masamba 13 mpaka 17 okha poyamba, a maliro aja, tione ngati ndondomeko yake ikugwirizana ndi mudzi umene mwasankha. Mutiuzenso mpingo wa banjalo, chifukwa nyimbo za usiku zimasiyana.